Kuphika Pakhomo ndi Zakudya za Kumunda: Mafunso ndi Mayankho

Amene wasankha kusiya zakudya za m'mapaketi n'kuyamba kuphika yekha amakhala ndi mafunso ambiri, ndipo ambiri mwa mafunsowo amabwera ali ataima kale pafupi ndi moto. Mayankho ali m'munsimuwa ndi a munthu wamba wathanzi. Amene ali ndi matenda a impso, a shuga kapena a mtima, ndiponso amayi oyembekezera, atsatire kaye zimene adokotala awo anawauza.

Kodi tikamanena zakudya zosasinthidwa tikutanthauza chiyani?

Tikutanthauza chakudya chimene mukachiyang'ana mukuchizindikira mmene chinachokera kumunda, kumtengo, m'khola kapena m'madzi: masamba, zipatso, nyemba, mazira, nsomba, nyama, mkaka, mpunga, mbatata. Kutsuka, kusenda, kuyanika, kugaya kapena kuumitsa m'furiji sikuchichotsa m'gulu limeneli, bola pasathiridwe china chilichonse.

Kagawidwe kamene kamagwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano kanachokera ku Brazil. Mu 2009 Carlos Monteiro wa pa yunivesite ya São Paulo analemba kuti tisamangoyang'ana michere imene ili m'chakudya, tiziyang'ananso zimene chakudyacho chachitidwa chisanafike m'mbale. Iye ndi anzake anagawa zakudya m'magulu anayi, ndipo kagawidweko kamatchedwa NOVA. Gulu loyamba ndi limene tatchulali. Lachiwiri ndi zinthu zophikira monga mafuta, mchere ndi shuga. Lachitatu ndi pamene gulu loyamba laphatikizidwa ndi lachiwiri m'njira yosavuta, monga tchizi, nsomba za m'chitini kapena buledi wa ufa, madzi, yisiti ndi mchere basi. Lachinayi ndi zakudya zosinthidwa kwambiri m'mafakitale: zakumwa zozizilitsa kukhosi, mabisiketi, soseji, tchipisi wa m'mapaketi, supu wa ufa. Zimenezi zimapangidwa ndi zinthu zimene simungazipeze m'khitchini ya munthu aliyense, monga utoto, zonunkhiritsa zopanga, zotsekemeretsa ndi mankhwala oti chakudya chisalekane.

Njira yachidule yozizindikirira ndi kutembenuza paketi. Mndandanda wa zimene zilimo ukakhala wautali, wodzaza mayina amene simungawagule paokha kuti mukaphikire, ndiye kuti ndi gulu lachinayi.

Pali umboni woti zakudya za m'fakitalezi zimavulazadi, kapena ndi mantha chabe?

Umboni ulipo. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Kevin Hall ndi anzake ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America lofufuza zaumoyo, amene anasindikizidwa mu 2019. Anthu akuluakulu 20 anagonekedwa pamalo ofufuzirapo kwa milungu inayi. Milungu iwiri ankapatsidwa zakudya zosinthidwa kwambiri, milungu ina iwiri zakudya zosasinthidwa, ndipo mbali zonse ziwiri zinakonzedwa kuti zifanane pa kuchuluka kwa mphamvu, shuga, mafuta ndi zina zimene zinali patebulo. Aliyense ankaloledwa kudya mmene wafunira. Pa milungu ya zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 oonjezera tsiku lililonse, ankadya mofulumira, ndipo ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa milungu iwiri ya zakudya zosasinthidwa anatsika ndi mlingo womwewo. Anthu 20 ndi ochepa, n'zoona, koma phunziro lake ndi lalikulu: palibe amene anawauza kuti adye zambiri. Chakudya chofewa, chosafuna kutafuna, chimatsetsereka m'mimba thupi lisananene kuti lakhuta.

Pa nkhani ya nyama, mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, yotchedwa IARC, inaika nyama zokonzedwa m'fakitale monga soseji ndi bekoni m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Inanena kuti kudya magalamu 50 a nyama zotere tsiku ndi tsiku kumakweza chiopsezo cha khansayi ndi pafupifupi 18 peresenti. Apa sakunena za soseji imodzi ya pa chikondwerero. Akunena za chizolowezi cha tsiku lililonse.

Ndiye kuti chilichonse chodutsa m'fakitale tichisiye?

Ayi, ndipo amene amalalikira zimenezo amasocheretsa anthu. Mchere wothira ayodini ndi wa m'fakitale, koma ndi umene wachepetsa chithokomiro ndi kukula moperewera kwa ubongo wa ana m'mayiko ambiri. Mkaka wotenthetsedwa kuti tizilombo tife ndi wabwino kuposa wongokama kumene wosawiritsa, umene ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu ndi matenda ena ochokera ku ziweto. Ufa ndi mafuta ophikira oonjezeredwa mavitamini zathandiza anthu ochuluka amene sakanawapeza kwina. Masamba oumitsidwa m'furiji atangokololedwa nthawi zambiri amasunga mavitamini kuposa amene afota sabata yathunthu pashelefu. Nyemba kapena tomato wa m'chitini ndi chakudya chenicheni. Ingotsanulani madzi a mchere a nyembazo n'kuzitsukuluza.

Funso labwino ndi lakuti: kodi fakitale yachisunga chakudyachi, kapena yachipanga kukhala chinthu china?

Chakudya cholimidwa pafupi chili ndi ubwino wanji?

Ubwino woyamba ndi nthawi. Masamba akadulidwa samafa pomwepo, amapitiriza kupuma n'kumadya shuga ndi mavitamini awo omwe. Vitamini C ndi foleti (mmodzi mwa mavitamini a gulu la B) ndi zimene zimathawa msanga, makamaka kukatentha. Chimanga chachiwisi ndi nsawawa zimayamba kutaya kutsekemera tsiku lomwe zathyoledwa, chifukwa shuga wake amasanduka sitachi. Ulendo ukafupika, zambiri zimafika m'poto.

Wachiwiri ndi kupsa. Tomato woti ayende ulendo wautali amathyoledwa ali wobiriwira, wolimba, kuti asaphwanyike, ndipo mitundu yake imasankhidwa poona kupirira kwake m'galimoto osati kukoma. Wopsera pamtengo amanunkhira ngakhale musanamudule. Wachitatu ndi wakuti chakudya cha m'nyengo yake chimachuluka, choncho chimatsika mtengo, ndipo ndalama zanu zimapita kwa mlimi m'malo mothera mwa anthu apakati.

Koma pali mfundo imodzi imene imakokomezedwa. Ambiri amaganiza kuti mtunda umene chakudya chayenda ndiwo umaononga kwambiri chilengedwe. Kafukufuku wamkulu wa Joseph Poore ndi Thomas Nemecek wa mu 2018, amene anaunika minda ya m'mayiko 119, anasonyeza kuti mayendedwe amatulutsa pafupifupi 6 peresenti yokha ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku chakudya. Wambiri umachokera pa kalimidwe, kudula nkhalango ndi ziweto, makamaka ng'ombe. Mtundu wa chakudya chimene mwasankha ndiwo waukulu kuposa kumene chachokera, kupatulapo zimene zimabwera pa ndege.

Kodi cholimidwa pafupi ndiye kuti chilibe mankhwala?

Sizitero. Mlimi wapafupi angathe kupopera mankhwala dzulo n'kukolola lero, osadikira masiku amene alembedwa pabotolo. Angathenso kuthirira ndi madzi oipa. Ubwino wake ndi wakuti mungathe kumufunsa maso ndi maso. Chilichonse chimene mwagula, chitsukeni ndi madzi abwino oyenderera, mukupukusa ndi manja, popanda sopo. Masamba akunja a kabichi tayani.

Mbale yabwino ikhale ndi chiyani?

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Kumeneku ndi kutapa kodzaza dzanja kasanu. Mbatata, chinangwa ndi zina zokhutitsa za m'nthaka siziwerengedwa pamenepa, ngakhale ndi zakudya zabwino. Njira yosavuta ndi kuyang'ana mbale: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi chakudya chokhutitsa, gawo lotsalalo chomanga thupi monga nyemba, nsomba, mazira kapena nyama.

M'makomo ambiri padziko lapansi zimakhala mosemphana. Chokhutitsa chimadzaza mbale, masamba n'kukhala kakang'ono pambali. Simukufunika kusintha zakudya zonse za banja lanu kuti mukonze zimenezi. Phikani masamba owirikiza kawiri amene mumaphika, muwaike m'mbale poyambirira, chokhutitsacho chipeze malo otsala. Muzisinthasinthanso mitundu: obiriwira kwambiri ali ndi foleti ndi ayironi, ofiirira ngati karoti, maungu ndi mango ali ndi zimene thupi limapangira vitamini A.

N'chifukwa chiyani amalimbikitsa ufa ndi mpunga wosachotsa gaga?

Njere iliyonse ili ndi zigawo zitatu: khungu kapena kuti gaga, kamtima kamene kamamera, ndi sitachi woyera wa pakati. Kupuntha ndi kuyeretsa kumachotsa ziwiri zoyambazo, ndipo m'menemo ndi mmene muli faiba (mbali ya chakudya imene thupi siligaya), mavitamini a gulu la B, ayironi ndi mafuta abwino. Amachotsa chifukwa ufa woyera suvunda msanga ndipo umaoneka bwino.

Mbiri yake ndi yochititsa chidwi. Cha m'ma 1890, dokotala wa ku Netherlands dzina lake Christiaan Eijkman ankafufuza matenda ofooketsa mitsempha ndi miyendo otchedwa beriberi pa chilumba cha Java ku Indonesia. Nkhuku za pamalo ake ofufuzira zinayamba kudzandira ndi kupuwala miyendo ngati odwala ake, kenako zinachira zokha. Atafufuza anapeza kuti pa nthawi yodwalayo zinkadya mpunga woyera wotsala ku chipatala cha asilikali, ndipo zinachira pamene wophika watsopano anakana kupereka mpungawo ku nkhuku, zitabwerera ku mpunga wosayeretsa. Chimene chinkasowa chinadzadziwika kuti ndi vitamini B1, ndipo Eijkman analandira mphoto ya Nobel mu 1929.

Lero phindu lalikulu kwa anthu ambiri ndi faiba. WHO imati wamkulu azipeza magalamu osachepera 25 patsiku. Faiba amafewetsa chimbudzi, amachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndipo amakhutitsa nthawi yaitali. Ngati apabanja sakonda kakomedwe kake, yambani mwa kusakaniza theka ndi theka. Ufa wosachotsa gaga mugule kapena mugayitse wochepa, chifukwa mafuta ake amasasa ukakhalitsa.

Chakudya chopanda mchere wambiri sichikoma. Nditani?

Choyamba tione mlingo. WHO imati wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono ka tiyi kosadzaza bwino, kuphatikizapo mchere wobisika mu buledi ndi zina zogula. Anthu ambiri padziko amadya kuwirikiza kawiri pamenepo. Mchere wochuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera sitiroko ndi matenda ambiri a mtima. Paketi ikalemba sodiyamu m'malo mwa mchere, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mudziwe mchere weniweni.

Apa ndi pamene kuphika wekha kumapambana: mchere uli m'dzanja lanu. Komabe ambiri amadzinamiza. Amachepetsa mchere wa m'botolo koma n'kuponyamo timakyubu tiwiri tokometsera, pomwe timakyubuto mbali yake yaikulu ndi mchere womwewo.

Kukoma kumamangidwa kuyambira pansi pa poto. Tenthetsani mafuta pang'ono, ikani anyezi woduladula, chepetsani moto. Musathamangire. Poyamba amalira ndi kutulutsa nthunzi, kenako amaoneka ngati galasi, ndipo pakatha mphindi khumi kapena kuposerapo m'mphepete mwake mumayamba kufiira, fungo lake loboola m'maso lija n'kusanduka lotsekemera. Pamenepo ikani adyo ndi jinja kwa kamphindi, kenako tomato, mum'siye aphwe mpaka mafuta ayambe kuonekera m'mbali mwa poto. Msuzi wochokera pamenepo sufuna mchere wambiri. Pomaliza finyirani ndimu kapena kadontho ka viniga: zowawasa zimadzutsa chakudya chozizira m'kamwa kuposa mmene ambiri amaganizira. Tsabola ndi masamba onunkhira amathandizanso.

Chepetsani pang'onopang'ono. Lilime limazolowera pakatha milungu ingapo, ndipo mudzadabwa kupeza kuti zakudya zogula zimene munkakonda zayamba kuwawa mchere. Mchere umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini. Wa m'nyanja kapena wapinki wokwera mtengo uja ndi mchere basi, ndipo kawirikawiri ulibe ayodini.

Nanga mafuta ndi shuga?

Mafuta ndi ofunika. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, choncho masamba ophikidwa ndi kasupuni ka mafuta kapena mtedza wosinja amapindulitsa kuposa owiritsa okha. Vuto ndi kuthira kuchokera m'botolo mosayeza. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Yezani ndi supuni kwa sabata imodzi, mudzadzionera nokha. Sankhani mafuta amadzimadzi a mbewu monga mpendadzuwa, mtedza, soya kapena maolivi, ndipo musamabwereze kukazingira mafuta omwewo mpaka kuda. Oopsa kwambiri ndi mafuta oumitsidwa m'fakitale amene amapezeka m'majarini ena ndi zophika zogula, amene WHO yakhala ikulimbikitsa mayiko kuwathetsa kuyambira mu 2018.

Pa shuga, malangizo ndi akuti asafike magalamu 50 patsiku, ndipo ndi bwino koposa kukhala pansi pa 25, omwe ndi masupuni a tiyi asanu ndi limodzi. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizilitsa kukhosi cha mamililita 330 chimakhala ndi magalamu pafupifupi 35. Uchi ndi juwisi wofinya nokha zimawerengedwa ngati shuga yemweyo. Chipatso chathunthu sichiwerengedwa, chifukwa shuga wake amabwera ndi faiba. Idyani lalanje, osalimwa.

Ndiphike bwanji masamba kuti mavitamini asathawe?

Adani ndi atatu: madzi ambiri, moto wa nthawi yaitali, ndi soda. Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B amasungunuka m'madzi, ndiye mukawiritsa masamba m'madzi odzaza poto n'kukhetsa, mwataya gawo lalikulu pansi. Tsukani masamba musanadule, mudule nthawi yophika itakwana, muike m'madzi ochepa amene awira kale, muvundikire. Masamba ofewa amapsa pa mphindi zitatu mpaka zisanu. Achotseni pamoto akadali obiriwira bwino. Akafika pooneka ngati khaki ndiye kuti apsa mopitirira. Timadzi totsala m'poto tigwiritseni ntchito mu msuzi. Soda amafewetsa masamba ndi kusunga mtundu wake, koma amaononga vitamini C ndi B1.

Sikuti zosaphika ndizo zabwino nthawi zonse. Tomato wophika amapereka laikopini (chimene chimam'fiiritsa, chothandiza m'thupi) wambiri kuposa wamuwisi, ndipo karoti wophika ndi mafuta pang'ono amapereka vitamini A mosavuta. Ndi bwino kudya zina zophika, zina zaziwisi zotsukidwa bwino.

Nyemba zimatenga nthawi, zimadya moto, komanso zimatupitsa m'mimba. Pali njira?

Ziviikeni m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ndipo ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Kuwira kumeneku si kwa mwambo chabe. Nyemba, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amafa ndi kuwira kwenikweni. Moto wofunda chabe sumupha.

Tomato, ndimu ndi zina zowawasa muike nyemba zitafewa kale, apo ayi zidzakhala zolimba ngakhale muziphike tsiku lonse. Mchere suziumitsa monga amanenera ambiri. Nyemba zimene zagonera chaka kapena kuposerapo mosungira ndizo zimavuta kupsa, ndipo apa zongokolola kumene zimapambana. Poto wa puresha amafupikitsa nthawi kwambiri chifukwa madzi ake amatentha kufika pafupifupi madigiri 120. Ngati mulibe, wiritsani nyemba zoviika kwa theka la ola, chotsani poto ali wovundikira, mum'kulunge bwinobwino ndi bulangeti m'dengu kapena m'bokosi, mum'siye maola atatu kapena anayi. Zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Musanadye ziwiritseninso.

Mpweya wa m'mimba umabwera chifukwa cha mitundu ina ya shuga imene matumbo athu sagaya, n'kutsalira mabakiteriya a m'matumbo aakulu. Kutaya madzi oviikira kumachepetsako. Mimba imazoloweranso mukamadya pang'ono koma pafupipafupi.

Kodi munthu angakhale wathanzi osadya nyama tsiku lililonse?

Kwambiri. Nyemba, nandolo, mphodza, soya ndi mtedza zikadyedwa ndi chakudya cha njere monga mpunga, chimanga kapena tirigu zimakwaniritsana, chifukwa chimene chikuperewera m'chimodzi chili mwa chinzake. Zinthu ziwiri zokha muzisamale. Ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Vitamini C amamuthandiza, pomwe tiyi ndi khofi zimamutsekereza. Choncho idyani nyemba ndi tomato kapena chipatso, tiyi mumwe patapita ola. Chachiwiri ndi vitamini B12, amene amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha monga mazira, mkaka ndi nsomba. Amene sadya chilichonse cha zimenezi ayenera kumwa mapiritsi ake.

Ndimaweruka mochedwa. Nthawi yophika ndiipeza kuti?

Funso ili ndi lachilungamo, ndipo amene amayankha kuti ndi ulesi chabe mwina sanaimepo pamoto atatopa. Zakudya za m'mapaketi zinatchuka chifukwa zinathetsa vuto lenileni la nthawi.

Chimene chimathandiza ndi kusiyanitsa ntchito yaitali ndi yaifupi. Nyemba, msuzi wa tomato ndi nyama yophika ndi zaitali, choncho ziphikeni zambiri tsiku limene muli pakhomo, muzigawe m'timakontena. Masamba, mazira ndi nsomba ndi zamphindi. Mukhale ndi zakudya zinayi kapena zisanu zimene mumaphika osaganiza n'komwe, zatsopano muziyesa tsiku lopuma. Mpeni wakuthwa umapulumutsa nthawi kuposa makina ambiri okwera mtengo. Ndipo ntchitoyi isagwere munthu mmodzi: pakhomo pamene onse amadya, wina angathe kusenda, wina kutsuka mbale. Tsiku limene zakanika, dzira lokazinga ndi tomato ndi chipatso pambali ndi chakudya chokwanira.

Zakudya zaziwisi zimaonongeka msanga. Ndizisunge bwanji?

Gulani zochepa pafupipafupi, ndipo muyambe kudya zofota msanga. Masamba muwasunge osatsuka, okulungidwa m'kansalu konyowa pang'ono pamalo ozizira. Anyezi, adyo, maungu ndi mbatata safuna furiji, amafuna malo ouma, amdima, opita mphepo. Mbatatesi ikaona dzuwa imabiriwira n'kupanga poizoni wotchedwa solanini; dulani mozama mbali yobiriwirayo ndi mphukira zake, ndipo ngati yabiriwira kwambiri kapena ikuwawa, itayeni. Tomato amataya fungo m'furiji. Nthochi ndi maapozi zimatulutsa mpweya umene umapsetsa zinzake, ndiye muzitalikitse ku masamba, kapena muziike dala pafupi ndi peyala losapsa. Zikachuluka m'nyengo yake, yanikani, umitsani m'furiji kapena phikani msuzi wosunga.

Chenjezo lalikulu ndi chuku pa mtedza, chimanga ndi njere zina zosauma bwino. Mitundu ina ya chuku imapanga poizoni wotchedwa aflatoksini, amene anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wachuku. Poizoniyu amaononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika sikum'thetsa. Njere zofota, zosintha mtundu, zowawa kapena zonunkha chinyezi muzisankhe n'kutaya, osapatsanso ziweto. Ichi ndi chitsanzo cha chakudya chachilengedwe, cholimidwa pafupi, chosadutsa m'fakitale, koma choopsa.

Zotsala ndingadye mawa lake?

Inde, ngati mwazisamala. WHO inayerekeza mu 2015 kuti anthu 600 miliyoni amadwala chaka chilichonse chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira, 125,000 mwa iwo ana osakwana zaka zisanu. Mabakiteriya amaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Chiikeni m'furiji m'zotengera zosazama kuti chizizire msanga, ndipo potenthetsa chitenthe mpaka pakati, chikutuluka nthunzi. Mutenthetse chokhacho chimene mudye.

Mpunga ndi umene anthu amaupeputsa. Uli ndi mabakiteriya amene mbewu zake sizifa pophika, ndipo mpunga ukagona pofunda amadzuka n'kupanga poizoni amene kutenthetsanso sikum'chotsa. Ngati mulibe furiji, phikani wokwanira kudya nthawi imodzi.

Nkhuku yaiwisi ndiitsuke ndisanaphike?

Akatswiri a ukhondo wa chakudya amaletsa, chifukwa madzi othovoka amamwaza tizilombo pa mbale, pa thebulo ndi pa masamba amene mudye osaphika. Moto ndi umene umapha tizilomboto. Ngati mwapha nokha ndipo pakufunika kuchotsa magazi ndi nthenga, tsukirani m'beseni patali ndi zakudya zina, kenako mutsuke beseni, mpeni, thabwa lodulirapo ndi manja ndi sopo. Nkhuku yapsa pamene pafupi ndi fupa palibenso kufiira ndipo madzi ake akutuluka oyera.

Ana anga amakana masamba. Ndiwakakamize?

Musawakakamize, ndipo musawalonjeze switi akamaliza, chifukwa mukatero mukuwaphunzitsa kuti masamba ndi chilango, switi ndiye mphoto. Mwana angafunike kuona ndi kulawa chakudya chatsopano kakhumi kapena kuposerapo asanachivomere. Ikani pang'ono m'mbale mwake, idyani inu akuona, musakambe zambiri. Mwana amene wathyola yekha masamba kapena wathandiza kutsuka tomato amafuna kulawa zimene wagwira.

Kwa makanda, WHO imalangiza bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, kenako zakudya zofewa pamodzi ndi bere mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo. Chakudya cha banja chophwanya bwino n'chokwanira, koma mupatule gawo lake musanathire mchere kapena shuga. Uchi musam'patse asanakwanitse chaka, chifukwa ungathe kukhala ndi mbewu za mabakiteriya amene amafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kupuma. Mtedza wathunthu ungam'tsamwe, m'patseni wosinja.

Kodi moto umene ndikuphikira uli ndi kanthu pa thanzi?

Uli nako, ngakhale mabuku ambiri a zophika saitchula nkhaniyi. Anthu pafupifupi 2 biliyoni padziko amaphikira nkhuni, makala, ndowe kapena palafini, ndipo WHO imati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse kudzera mu chibayo, matenda a mapapo, a mtima ndi sitiroko. Amene amaupuma kwambiri ndi ophikawo ndi ana amene amakhala nawo pafupi. Ngati mumaphikira nkhuni, zikhale zouma, muphikire panja kapena potsegula mawindo, ndipo chitofu chokhala ndi chumuni kapena chosunga moto chimachepetsa utsi ndi nkhuni zomwe. Makala musawayatse m'chipinda chotseka, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Ngakhale pa gasi, tsegulani zenera.

Pa chakudya chenichenicho, pewani kupsereza. Nyama yowotcha mpaka kuda ndi mbatatesi yokazinga mpaka kufiira kwambiri zimakhala ndi zinthu zimene akatswiri amazikayikira pa nkhani ya khansa. Wotchani pa makala amene asiya kulilima, tembenuzani pafupipafupi, ndipo mbali yopserera muidule.